Mafunso ndi mayankho: tsankho pakati pa ana a sekondale kuno ku Dedza ndi Ntcheu

Ndagwira choko zaka zambiri m'sukulu za sekondale za mbali ino, zoyendera ndi zogonera komweko, ndipo kwa kanthawi ndinkayang'anira anyamata kuhositelo. Mafunso ali m'munsimu ndakhala ndikufunsidwa ndi makolo pamisonkhano ya PTA, aphunzitsi anzanga, komanso ana amene amabwera mozemba madzulo anzawo ali kowerenga. Sinditchula dzina la mwana aliyense, ngakhale sukulu kumene zinachitikira.

Kodi tsankho lilipodi m'sukulu zathu? Ife timamva za ku America ndi ku Joni.

Lilipo, kungoti lathuli limabisala m'mayina. Kalasi yonse ikhoza kukhala ya ana akhungu lakuda okhaokha, koma pofika sabata yachiwiri ya Fomu 1 ambiri apatsidwa kale mayina atsopano. Wochokera ku Rumphi ndi Mbwenumbwenu. Wa ku Phalombe ndi Mnguru. Wa kwa Tambala, akangomuona akukana nyama yosazinga, ndi Mnasala. Amene bambo ake ali ndi golosale pamsika ndi Mburundi, ngakhale kwawo kukhale ku Congo kapena ku Rwanda. Wachialubino ndi napweri kapena mzungudala. Wakuda kwambiri ndi Makala.

Dzinalo silithera pakamwa. Limasankha bedi limene mwana agone, malo ake pamzere wa nsima, ndi gulu limene limulandire powerengera mayeso. Ndikukumbukira mnyamata wina wa kumpoto amene anzake anamukankhira bedi la pakhomo, pansi pa windo losweka. Kuzizira kwa Dedza mu Juni mukukudziwa. Ankagona atavala yunifomu ndi juzi, bulangete limodzi atalipinda pawiri. M'kalasi akayankha funso, mawu akuti "mbwenu" ankamupulumuka, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete. Temu yachiwiri anasiyiratu kukweza mkono. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti tsiku loyambalo nanenso ndinaseka nawo, choko chili m'manja.

Koma si nthabwala chabe? Ifenso tinakula tikusereulana.

Funso ili limachokera kwa abambo kawirikawiri, ndipo lili ndi mfundo. Ife timasereulana ndithu. Msuweni wako ukhoza kumunena chilichonse, iye n'kukubwezera mowirikiza, nonse n'kuseka. Angoni timanenedwa za mowa ndi nyama tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri amene amayambitsa nthabwalazo ndi Angoni eni ake.

Kusiyana kwake kuli apa: pachisuweni onse awiri ali ndi pakamwa. Kuhositelo kuli anyamata makumi anayi mbali imodzi, mbali inayo kamwana kamodzi ka Fomu 1 komwe kakabweza mawu kagona kunja. Ndikafuna kudziwa ngati ndi nthabwala, ndimayang'ana zinthu ziwiri. Kodi wonenedwayo angathe kubweza popanda kumenyedwa? Nanga akati "basi, zakwana", anzakewo amasiya? Akapanda kusiya, kuseka kwa mwanayo musakukhulupirire. Ana ambiri amaseka nawo pofuna kuti zithe msanga.

Mayina ena ali ndi mbiri yowawa. Liwu lakuti Anguru, Alomwe analikana kalekale m'nthawi ya atsamunda, mpaka boma la nthawiyo linasiya kuligwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1940. Mwana wa lero akamalitchula sadziwa zimenezo, koma agogo a mnzakeyo akuzidziwa.

Anawa amazitenga kuti?

Kunyumba. Make mbuu, mwana mbuu. Mwana wa zaka 14 sanafikeko ku Karonga kapena ku Nsanje, ndiye za anthu akumeneko wazimva patsindwi liti ngati si lathu? Timayankhula tikudya, timayankhula tikumvera wailesi, makamaka nyengo ya chisankho, ana ali phee kumvetsera. Chaka cha chisankho hositelo imagawikana ngati mapu a dziko, ndipo ana osafika n'komwe msinkhu wovota amatukwanizana chifukwa cha zipani za makolo awo.

Boma nalonso linathirapo mchere m'mbuyomu. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa kuzigawo za kwawo, ndipo ambiri akumpoto anasamuka ndi mabanja awo m'sukulu za chigawo chapakati ndi kummwera. Ndondomeko ya kota, yosankha ana opita kusukulu zapamwamba potengera boma lochokera, inayambanitsa anthu zaka zambiri isanathetsedwe mu 2020. Anthu amene anaona zimenezi ndiwo makolo ndi agogo a ana tikuphunzitsawa, ndipo aliyense anafotokozera ana ake mmene zinamuwawira iyeyo.

Mwana wanga akunenedwa kuti ndi "wobwera". Eni dera lino ndi ndani?

Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa yankho lake lili pafupi, m'mapanga a Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 a zithunzi zapamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zithunzi zofiira, zakale kwambirizo, anajambula ndi Akafula. Zoyera za Achewa zinabwera pambuyo. Ndiye kuti Mchewa naye anapeza anthu.

Angoni a Maseko anachokera kummwera kwa Africa, anayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, n'kubwerera kudzakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Domwe lero ali ku Mozambique. M'njira monsemo ankatenga anthu a mitundu ina n'kuwasandutsa Angoni, n'kukwatira akazi a m'madera amene agonjetsa, mpaka Chingoni chinatsala m'nyimbo za ngoma, m'mifunda ndi m'mawu ngati Bayethe. N'chifukwa chake ku Ntcheu mupeza munthu wa mfunda wa Phiri kapena Banda atavala nyoni kumutu pa mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo, ndipo palibe amene amamubweza. Ayao nawo anafika m'zaka za m'ma 1800 zomwezo. Ku Mua, m'nyumba ya mbiri ya Chamare, Achewa, Angoni ndi Ayao ali pansi pa denga limodzi chifukwa onsewo ndi anthu a boma la Dedza.

Ndikamaphunzitsa ndimauza ana kuti akafunse agogo awo aakazi mfunda wa amayi awo ndi kumene anachokera. Lolemba amabwera atafatsa. Amene ankadzitcha Mngoni weniweni wapeza agogo Achiyao, wonyoza Alomwe wapeza kuti agogo ake aamuna anachokera ku Mulanje kudzagwira ntchito. Phunziro limeneli limagwira kuposa chilango chilichonse chimene ndinaperekapo.

Nanga ana a tsidya la Mozambique ndi aja amati Maburundi?

Pa Lizulu mukaima pamsewu wa M1, kabichi ndi mbatata ya kachewere za mbali ino ndi za Malawi, za mbali inayo ndi za Mozambique. Malirewo anadula Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, n'kusiya mfumu mbali ino, anthu ake mbali inayo. Mwana wa ku Angónia, tsidya la Mozambique, amayankhula ngati ife, maliro timalira limodzi. Komabe akangosakaniza kaliwu ka Chipwitikizi, anzake amamutcha wothawa nkhondo. Nkhondoyo inatha mu 1992, anawa asanabadwe. Pa nthawiyo Malawi inasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ena ochuluka ndithu m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu momwemuno, ndipo maukwati anachitika ochuluka. Wonyozayo mwina ndi mdzukulu wa wothawa nkhondo yemweyo.

Za ana a ku Burundi, Rwanda ndi Congo n'zowawa kwambiri. Ambiri anabadwira kuno, Chichewa chawo n'chosalala kuposa changa. Mu Meyi 2023 boma linayamba kusonkhanitsa othawa kwawo omwe ankakhala m'matauni ndi m'misika kuwabwezera ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo ana ena anachoka pasukulu pakati pa temu. Otsalawo ankamva anzawo akuti "iwe ulendo wako liti?" Nkhani ya lamulo la othawa kwawo ndi ya akuluakulu, aliyense ali ndi maganizo ake. Mwana wa Fomu 2 sanasankhe kumene anabadwira.

Ife a kuno sitiyenera kuuzidwa kawiri. Midzi yathu yadzaza ndi nyumba zamalata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. Mu 2008 ndi mu 2015 abale athu anathamangitsidwa ku South Africa akutchedwa makwerekwere, ndipo mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukawatenga. Chaona mnzako chapita.

Mwana wanga ndi wachialubino ndipo wasankhidwa kusukulu yogonera komweko. Ndimulole?

Muloleni, koma mupite naye nokha tsiku loyamba, mukaonane ndi ahedi komanso woyang'anira hositelo maso ndi maso. Mantha anu si opanda pake. Kuyambira 2014 anthu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo ndi chizimba cha chuma, ndipo Dedza yathuyi inakhudzidwa. N'chifukwa chake mwana akamaitana mnzake kuti "ndalama" kapena "mamiliyoni", ine sindiwerengera ngati kusereula. Kumeneko n'kuopseza, ndipo kuyenera kufika kwa ahedi tsiku lomwelo.

Panali mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa. Pampopi anzake sankafuna kuti chidebe chake chigundane ndi chawo. Kapu yake inkakhala payokha pawindo. Ena akakumana naye ankalavulira malovu m'malaya, monga anaphunzirira kwa amayi awo, ati kuopa kudzabereka mwana wotero. M'kalasi ankakhala kumbuyo kwenikweni atavala chipewa, ndipo ife aphunzitsi tinkamuyesa wofooka. Tsiku lina ndinatenga kope lake: manotsi onse anali okopera kwa mnzake mmodzi yekhayo amene ankamulola, zolakwika zomwezo, mipata yomweyo. Pabolodi sankaona chilichonse, koma kukhala kutsogolo kunali kudziika poonekera. Titamusunthira desiki yoyamba ndi mnzakeyo, n'kuyamba kulemba zilembo zikuluzikulu, masamu ake anasintha temu yomweyo.

Zimene ana onse ayenera kumva m'kalasi ya Biology n'zachidule. Ualubino ndi kuchepa kwa melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana amautengera kwa makolo onse awiri, osati kwa mayi okha, ndipo makolowo akhoza kukhala akuda bii. Ngati onse awiri ali nako kambewu kameneka m'magazi, pa mimba iliyonse mpata wobadwa mwana wachialubino ndi umodzi mwa inayi. Supatsirana pogwirana, podyera mbale imodzi kapena pobwerekana sopo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi, ndipo mu 2021 a Overstone Kondowe anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Nkhotakota, woyamba wachialubino m'dziko muno.

Kusukuluko mukapemphe izi: akhale kutsogolo, aloledwe chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifomu ili ina, asapatsidwe ntchito ya panja dzuwa lili pamutu, asatumidwe yekha kumsika kapena kuchigayo, ndipo alembetsedwe msanga kuti a MANEB adzamukonzere mapepala a zilembo zikuluzikulu. Mafuta oteteza khungu kudzuwa mukafunse kuchipatala cha boma, ndipo a bungwe la anthu achialubino la APAM akhoza kukuthandizani.

Mwana wanga wamkazi wabwera kuholide nkhope itayera, zala zili zakuda. Zikugwirizana ndi nkhaniyi?

Kwambiri. Mtsikana amene wakhala akutchedwa Makala zaka ziwiri, akumva anyamata akuyamikira "oyera", ndalama ya sopo amagulira mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafutawo muli hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Amapyapyalitsa khungu, amasiya zipsera zakuda zosachoka, ndipo mercury amawononga impso. Musayambe ndi kumukalipira. Mufunseni amene anamuuza kuti khungu lake n'loipa, ndipo mukonzeke kumva kuti mwina ndi azakhali ake, amene mwana akabadwa amathamangira kuyang'ana makutu kuti aone ngati ade.

Za hijabu ndi tsitsi la Arasta zikulowa pati?

Kwathu kuno mtundu ndi chipembedzo zimayendera limodzi, moti wonyoza Msilamu nthawi zambiri akunyoza Myao. Mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu, kudzera ku bungwe la zipembedzo la PAC, anasainirana mgwirizano wolola atsikana Achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi yunifomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti kukaniza ana Achirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo. Ana olowa gule nawo amanyozedwa ndi anzawo opemphera, iwonso n'kumanyoza osavinidwa. Zonsezi ndaziona m'kalasi imodzi.

Ana a Amwenye, makaladi ndi azungu nawonso amasalidwa? Si iwo amene amatisala?

Ziwiri zonse zimachitika. Ana otere ndi ochepa m'sukulu za kuno, mwa zina chifukwa m'zaka za m'ma 1970 boma linalamula Amwenye kuchoka m'misika ya kumidzi kupita m'mizinda ikuluikulu. Mwana wa mayi Mmalawi ndi bambo wakunja amavutika mwa njira yakeyake. Anzake amamuyesa wolemera, amamupempha ndalama tsiku lililonse, akakana ndi wodzimva, ndipo za bambo ake amafunsidwa pagulu mafunso oti munthu wamkulu sangawapirire.

Tsankho lochokera kwa akunja nalo si nthano. Mu 2022 atolankhani a BBC anaulula za mzika ina ya ku China yomwe inkajambula ana a m'mudzi wina ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chiyankhulo chimene sankachimva, n'kumagulitsa makanemawo. Munthuyo anagwidwa n'kuimbidwa mlandu kukhoti. Chimene chinandikhudza n'chakuti ana athu ena ataonera anati, "Nanga si anawapatsa ndalama?"

Ndingadziwe bwanji kuti mwana wanga akusalidwa, poti sanena?

Sanena ndithu, makamaka anyamata. Yang'anani zizindikiro. Holide ikamatha amadwala m'mimba. Wasiya kuyankhula chiyankhulo cha kwanu ngakhale pafoni ndi agogo ake. Wasintha dzina, Chiyao kapena Chitumbuka chija wachibisa, akudzitchula la Chingelezi lokha. Ndalama ya m'thumba ikutha msanga, katundu akusowasowa, magiredi atsika popanda chifukwa chooneka. Funso lakuti "akukuzunza?" adzayankha kuti ayi. Yesani lakuti "anzako amakuitana dzina lanji?" kapena "umadya ndi ndani?"

Ndaitanidwa kusukulu kuti mwana wanga ndiye akuzunza anzake. Ndichite chiyani?

Pitani, ndipo musakafike ndi mawu akuti "mwana wanga sangatero". Mvetserani mbali zonse. Bambo wina nditamufotokozera mawu amene mwana wake analemba pachitseko cha mnzake, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, mawu amenewo ndi anga." Mwanayo anapepesa pamaso pa hositelo yonse, anapenta chitsekocho yekha, ndipo sindinamvenso dzina lake pa mlandu wotere. Kumupatsa khasu kuti akumbe dzenje la zinyalala kumangomuphunzitsa kuti ulendo wina asagwidwe.

Lamulo likuti chiyani, ndipo tingakadandaule kuti?

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chiyankhulo, chipembedzo, dziko lochokera, ulumali ndi zina. Gawo 25 limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro, ndipo likuti aliyense, osati mzika zokha.

Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi kapena woyang'anira hositelo, kenako ahedi. Lembani kalata, musunge kope lanu, mulembe tsiku ndi mawu enieni amene ananenedwa, chifukwa zapakamwa zimauluka. Zikakanika pitani ku PTA kapena ku komiti yoyendetsa sukulu, kenako ku ofesi ya Central West Education Division ku Lilongwe, yomwe imayang'anira sekondale za Dedza ndi Ntcheu. Ngati mwana wamenyedwa kapena waopsezedwa, pitani kupolisi ku Victim Support Unit osadikira zonsezo. Mwana yekha akhoza kuimba 116 kwaulere. A Malawi Human Rights Commission ndi a Ombudsman amalandiranso madandaulo otere.

Nanga zolemba pa WhatsApp ndi Facebook nthawi ya holide, sukulu zikuikhudza?

Zikuikhudza, chifukwa ana omwewo adzakumana m'kalasi temu ikatsegulidwa. Jambulani zolembedwazo zisanafufutidwe. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pafoni kapena kompyuta.

Bwanji osangomusamutsa mwanayo, kapena kumuuza kuti azibwezera?

Kubwezera ndi nkhonya kumathera kwa iye yemwe, chifukwa komiti ya chilango imaona magazi, siona mayina a miyezi isanu ndi umodzi amene anatsogola. Ndaonapo mwana wolakwiridwa akubwezedwa kunyumba milungu iwiri, omunyozawo ali m'kalasi.

Kusamutsa ndimavomereza pokhapokha moyo wa mwana uli pachiswe, kapena sukulu yakana kuchitapo kanthu mutayesa njira zonse. Malo a sukulu yabwino amavuta kwambiri kuwapeza, ndipo mwana amene wachoka amapita ndi maganizo akuti wolakwa ndi iyeyo. Nthawi zambiri chimene chimasintha zinthu n'chaching'ono: mnzake mmodzi, makamaka wa Fomu 4 kapena pulifekiti, amene angayime pakati n'kunena kuti "ameneyu ndi mng'ono wanga". Tinayamba kuchita dala zimenezi, kupereka mwana aliyense wa Fomu 1 kwa wamkulu wochokera boma lina, ndipo mabedi tinkagawa ndife aphunzitsi potsata maina pa kaundula, osasiyira anawo.

Mnyamata wa bedi la pakhomo uja sanasamuke. Amene anamutenga anali mnyamata wa Fomu 3 wa ku Tsangano, wosayankhulayankhula, amene tsiku lina anangonyamula matiresi ake n'kusinthana naye malo, ati iye kuzizira anakuzolowera kwawo. Holide ya temu yachiwiri, poti ndalama yokwerera basi yopita kumpoto inali isanafike, anapita naye kwawo kukakumba kachewere. Anabwerako ndi thumba la mbatata pamutu, manja atang'ambika ndi chisanu, akuyankhula Chichewa cha ku Ntcheu chokokera chija.